Zojambula za pa Matanthwe a Congoni

Munthu akacoka pa boma la Dedza nayenda ca kumpoto, aona mapiri a miyala yaikuru ataima pakati pa nkhalango. Ndiwo mapiri a Congoni. Ambiri a ife tinawetako mbuzi pa ubwana wathu, ndipo mvula ikatipeza kuchire tinali kuthawira kunsi kwa matanthwe. Pamenepo tinaona mizere yofiira ndi zifaniziro zoyera pa mwala, koma sitinafunsa kuti anazilemba ndani. Tsono mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya ojambula amenewo, pakuti nchito yao iri pafupi kuonongeka ndi manja a ana athu omwe.

Azungu ali nao mwambo wakuturuka kunja ndi utoto kukajambula dziko monga lioneka ndi maso. Wotere anali Thomas Baines, amene anafika pa Zambezi pamodzi ndi David Livingstone caka ca 1858, najambula mudzi wa Tete ndi mathithi a Kebrabasa. Ndipo caka ca 1859 Livingstone anamcotsa nchito atasemphana. Zithunzi za Baines zinaoloka nyanja kumka ku London. Koma ojambula a kwathu sanajambula phiri pa nsaru kuti alinyamule. Iwo anajambula pa phiri penipeni, nasiya nchito yao pomwepo, padzuwa ndi pankhungu ya mwezi wa June.

Oyamba anali Akafula, amene ena awacha Abatwa, anthu osaka nyama ndi kufula uci, osalima munda. Makolo athu anawachanso Amwandionerapati, pakuti amati munthu akakomana nao anafunsidwa funso lomwelo, ndipo wocenjera anayankha kuti anawaonera kutali. Utoto wao unali wa dothi lofiira, ndipo kawirikawiri sanajambula munthu kapena nyama, koma zozungulira zina m'kati mwa zinzace, mizere yondandalikana, ndi madontho. Caka ca 1972 mphunzitsi wa zakale, J. Desmond Clark, anakumba pansi pa thanthwe la Mwana wa Cencerere, napeza timiyala tosema, mafupa a nyama ndi mapale. Izi zitidziwitsa kuti Akafula sanatha msanga pofika anthu olima ndi osula citsulo, koma anakhala nao moyandikana mibadwo yambiri.

Pambuyo pace anadza Acewa ndi utoto woyera wa dothi, umene anapaka ndi cala. Zifaniziro zao zambiri zikunga buluzi kapena cikopa ca nyama cotambasulidwa, ndipo ku Mphunzi ziripo zina zazikuru ndithu. Izi zinali nchito ya akazi. Anamkungwi anatengera anamwali ku malo obisika, nawalangiza za ukwati, za kubala ndi za ulemu; ndipo popeza kunalibe buku, thanthwe ndilo linali bolodi lao, cifaniziro ciri conse cinakumbutsa mwambo wace. Tisanyoze nzeru imeneyi, ife amene lero tiphunzitsa ana a Sande Sukulu ndi zithunzi.

Koma nyengo zinasintha. Caka ca 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi, ndipo patapita zaka Angoni a Maseko anakhazikika ku Domwe, pafupi ndi malire athu. Acewa ambiri anasiya midzi yao ya m'zidikha nakwera m'mapiri, kumene mapanga anasanduka malinga. Nkhondo itatha anafika a Boma ndi a mishoni: mishoni ya Nkhoma inayamba caka ca 1896, ndi ya Mua caka ca 1902. Panauka mkangano waukuru pakati pa sukulu ndi dambwe, makamaka m'zaka za 1920, pakuti onse awiri analimbirana anyamata omwewo. M'nyengo zobvuta zimenezi amuna a Nyau anajambula zirombo zao pa matanthwe, monga tiona ku Namzeze, kumene kuli Kasiyamaliro, ndi cina cofanana ndi galimoto. Galimotoyo atiuza kuti ojambula otsiriza sanali anthu a kale lomwe iai, koma agogo a agogo athu.

Anthu akunja ndiwo anayamba kuwerenga malo amenewa. M'zaka za 1950 Margaret Metcalfe analemba za zojambula za dziko lino. Caka ca 1969 Boma linaika malo ena pansi pa lamulo la kusunga zakale. Ndipo caka ca 2006 bungwe la UNESCO linalemba Congoni m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi, ndi malo ace 127. Kodi si camanyazi kuti mlendo aoloke nyanja kudzaona cimene mwini mudzi acipitirira osaceuka?

Pakuti taonani cimene cicitika. Abusa a mbuzi asonkha moto pansi pa thanthwe, ndipo mwaye uphimba mizere imene inapirira mvula ya mibadwo yosawerengeka. Anyamata alemba maina ao ndi makala pamwamba pa zifaniziro. Ena athira madzi kuti utoto uoneke bwino, osadziwa kuti dothi loyera lisungunuka. Ndipo pamene tidula mitengo ya patsogolo pa phanga, dzuwa ndi mphepo zilowa momasuka. Nyumba ikagwa timanga ina. Koma cojambula ca Mkafula cikafafanizika, palibenso Mkafula wakucibwezera.

Tidziwa kuti abale ena adzati, Nanga Mkristu ali naco ciani ndi zinthu za cinamwali ndi za Nyau? Funso ili ndi loyenera, ndipo sitilipeputsa. Koma kusunga mboni sikuli kupembedza. Yoswa anaimika miyala khumi ndi iwiri ku Giligala kuti ana akafunsa, akuru awafotokozere njira imene anadzera. Ndipo Paulo ku Atene anayamba wapenyetsetsa maguwa a eni mudzi asanatsegule pakamwa pace. Munthu wosadziwa kumene anacokera sangathe kuyamika bwino pa kumene wafika. Ndiponso ena a iwo amene anajambulapo anali anthu othawa nthungo, osunga ana ao m'mapanga. Mwa ana amenewo tinabadwa ife.

Cifukwa cace tipempha akuru a mpingo, aphunzitsi ndi mafumu a midzi yozungulira Congoni kuti alankhule ndi ana. Mphunzitsi akwere nao ku Cencerere tsiku lina la cilimwe, atenge pepala ndi pensulo, akhale pansi, najambule cimene aona, phiri ndi mitengo ndi mizere yofiira. Koma mwala asaukhudze. Mbusa wa mbuzi asonkhe moto wace pabwalo. Ndipo tikapeza dzina la mwana wathu litalembedwa ndi khala pa thanthwe, tisalipale ndi mpeni, pakuti tingaononge zambiri. Tikauze osunga malowo, ndi kumlangiza mwanayo kunyumba.