Kusankha galimoto yaing'ono yoyenera kumapiri a Dedza

Galimoto zing'onozing'ono zambiri m'dziko muno ndi zogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo zochuluka zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Munthu akafuna ina yolowa m'malo mwa yakale, kawirikawiri amangofunsa za mtengo ndi kamwedwe ka mafuta. Kwa okhala ku Dedza, mphamvu ya injini nayonso ndi yofunika kuiganizira.

Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuyerekeza ndi nyanja yamchere. Pamalo otere mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 a mphamvu zake pa mamita 300 alionse. Ku Dedza, kuchepako kumafika pa magawo ngati 15.

Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto za injini ya 660cc zimasunga mafuta pamsewu wa M1. Koma zikasenza anthu ndi matumba a mbatatesi, kapena zikamakwera chitunda chochokera ku Golomoti, zimachita wefuwefu, ndipo woyendetsa akamaponda kwambiri amatha mafuta omwe ankafuna kupulumutsa. Toyota Vitz, Mazda Demio ndi Honda Fit za 1,300cc zimakwera mosavutikira kwenikweni. Zipangizo za Toyota sizisowa, ndipo amakaniko ambiri amazidziwa bwino.

Musanapereke ndalama, onani ngati galimotoyo ili yokwera mokwanira kuti isamagunde pansi m'misewu yafumbi, yesani mabuleki potsetsereka, ndipo funsani za msonkho wa MRA, womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo.