Kuchokera pa msonkho wa khumbi kufika pa msonkho wa kumayadi: mbiri ya msonkho wa nyumba mu Lilongwe



Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ambiri a inu mumaona kalata ya khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ikufika pachipata, yoitanitsa ndalama zimene anthu amazitcha ma city rates, koma simunafunsepo kuti msonkhowu unachokera kuti, ndipo amauyang'anira ndani. Lero tikhale pansi tiunike.

Kale munthu sankalipira kanthu chifukwa cha denga limene wafolera yekha. Mfumu inkalandira mtulo, monga minyanga kapena mwendo wa nyama, ndipo nayo inkaweruza milandu ndi kugawa malo. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1891 pamene Harry Johnston anakhala bwanamkubwa wa dziko lino. Boma lake linayambitsa msonkho, ndipo pofika 1894 unali masheleni atatu pa khumbi lililonse. Kuyambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika masheleni asanu ndi limodzi, koma wogwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi wathunthu ankalipira theka lokha. Apa cholinga chinaonekera poyera: msonkho unali chikwapu chothamangitsira amuna kuminda ya azungu. Olephera kulipira ankawatenthera nyumba, ena kuwagwirira akazi awo, ndipo amuna ambiri anauyamba ulendo wa ku Salisbury ndi ku Joni kukasaka sheleni. Boma la Lilongwe litakhazikitsidwa m'chaka cha 1904 m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, imodzi mwa ntchito zake zazikulu inali yomweyi, kuwerenga makumbi ndi kutolera msonkho.

Msonkho wa khumbi sunkafunsa kuti nyumbayo ndi yotani. Wosauka ndi wopeza bwino ankalipira chimodzimodzi. Koma pamene amalonda anamanga masitolo a njerwa pamalo amene lero timati Old Town, ndipo Lilongwe anakhala tauni m'chaka cha 1947, panafunika misewu, ngalande ndi anthu ochotsa zinyalala. M'matauni munakhazikika njira ina yochokera ku Mangalande: mwini malo azilipira molingana ndi mtengo wa malo ake ndi zimene wamangapo, ndipo ndalamazo zizigwira ntchito m'tauni momwemo.

M'chaka cha 1965 boma la Dr. Kamuzu Banda linagamula zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo ndi ngongole yochokera ku South Africa linayamba kumanga Capital Hill ndi City Centre. Likulu linasamuka mu 1975. Mzinda unadulidwa m'ma Area: kumayadi monga Area 10, 12 ndi 43 kunali mapuloti aakulu, pamene ku Kawale ndi ku Area 25 anthu anathithikana. Kumayadi, ku City Centre ndi kumasitolo a ku Old Town ndiko kunali nyumba zamapepala, zosavuta kuziyeza mtengo, choncho ndiko kunakhala nkhokwe ya msonkho wa mzinda. Bungwe lija linathetsedwa mu 1984, ndipo katundu wosamalira mzinda anatsalira khonsolo.

Lamulo limene likuyendetsa msonkhowu ndi Local Government Act la 1998. Khonsolo ndiyo imatolera, koma chingwe chili m'manja mwa boma lalikulu. Nduna yoona za maboma aang'ono ndiyo imalengeza dera limene lingakhomedwe msonkho. Nyumba ndi malo zimayezedwa mtengo ndi katswiri wovomerezeka mwalamulo, ndipo mitengoyo imalembedwa m'kaundula amene ayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundulayo amaikidwa poyera, ndipo mwini nyumba amene akuona kuti amukwezera mtengo ali ndi ufulu wodandaula mpaka kubwalo lapadera lomva nkhani zotere. Zikatero makhansala amagwirizana mlingo wa msonkho wa chakacho. Tiyerekeze kuti nyumba ya ku Area 10 yayezedwa K100 miliyoni, ndipo mlingo ndi K2 pa K1,000 iliyonse: mwini wake alipira K200,000. Ndondomeko ya chuma ya khonsolo imaunikidwanso ndi komiti ya National Local Government Finance Committee, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994. Nyumba zopemphereramo, manda, ndiponso zipatala ndi sukulu zosachita phindu sizilipira. Wokhala ndi ngongole kwa zaka zitatu angathe kugulitsiridwa nyumba kudzera kukhothi. Musasokoneze msonkhowu ndi lendi ya nthaka, imene wokhala pamalo a lizi amapereka kwa mwini nthakayo, kawirikawiri Unduna wa za Malo.

Papepala zonsezi nzokoma, koma pali minga itatu. Woyamba ndi wakuti akatswiri oyeza mitengo ndi ochepa ndipo ntchito yawo ndi yodula, kotero zaka zisanu zimadutsa kaundula ali yemweuja, kwacha ikugwa, nyumba zatsopano zikumera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzindawu, ambiri mwa iwo akukhala m'madera ngati Mtandire, Kauma, Mgona ndi Chinsapo, kumene nyumba zambiri zinamangidwa popanda pulani ya khonsolo. Mzinda wa Mzuzu unayesa njira yachidule mu 2013, yopatsa nyumba mapointi poona kukula kwake ndi kamangidwe kake, ndipo nyumba za m'kaundula zinachoka pa 10,000 kufika pafupifupi 40,000. Komabe panabuka mkangano ngati njirayo ikugwirizana ndi lamulo.

Munga wachiwiri ndi wakuti boma, limene lili ndi nyumba zikuluzikulu pa Capital Hill, limalamulidwa kulipira theka lokha la msonkho, ndipo ngakhale thekalo maunduna akhala akuchedwa nalo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Khonsolo ingagulitse bwanji nyumba ya amene amaiyang'anira?

Wachitatu ndi umene tinauona pakati pa 2005 ndi 2014, pamene dziko linakhala lopanda makhansala. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anthu ankalipira msonkho popanda munthu wosankhidwa ndi iwo woti akamufunse za dzenje la pamsewu kapena mulu wa zinyalala pamsika wa ku Old Town. Pamenepo msonkho wa kumayadi unayamba kufanana ndi wa khumbi uja: wolipira alibe mawu.

Tsono kusiyana kwa misonkho iwiriyi sikuli pa kuchuluka kwa ndalama ayi. Agogo athu ankalipira kuti asatenthedwe nyumba, pamene inu mumalipira kuti mzinda ukutumikireni, ndipo lamulo lakupatsani pakamwa. Mutu umodzi susenza denga, choncho lipirani gawo lanu. Koma kaundula akaikidwa poyera pitani mukaone dzina lanu ndi mtengo umene alemba, sungani malisiti, ndipo khansala wanu mumufunse kumene ndalamazo zapita.

Tsalani bwino, adzukulu anga.