Wayalesi ya ku Lusaka ndi Makalata a Omvera

Nkhalamba ikamasimba nthano madzulo, ana amabvomera kuti, "Tiri tonse." Akaleka kubvomera, wosimbayo amadziwa kuti tulo tawagwira, ndipo nthano imathera pomwepo. Munthu wolankhula pa wayalesi alibe mwai wotere, pakuti amakhala m'cipinda cotseka, osaona nkhope ngakhale imodzi. Bvuto limeneli ndilo linasautsa amene anayambitsa wayalesi ya ku Lusaka.

Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'caka ca 1941, makamaka kuti anthu azimva za nkhondo imene ana ao anapitako. Koma mawayalesi anali a mtengo wapatali. Anali m'nyumba za Azungu, ndipo mwa anthu akuda, monga a m'tinyumba tozungulira ta ku Kabwata, amene anali nao anali owerengeka. Tsono Bwana Harry Franklin, mkulu woyang'anira za nkhani m'Boma, anafunafuna kampani yoti ipange wayalesi yochipa. Kampani ya Ever Ready ya ku Mangalande inabvomera, ndipo m'caka ca 1949 kunafika wayalesi youmbidwa ngati sefuliya, imene anaicha Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, batire lace masileni 25.

Anthu atagula mawayalesiwo, sanakhale cete ai. Anayamba kulemba makalata ku Central African Broadcasting Station, ndilo dzina la nyumba youlutsira mauyo. Ena anafunsa mafunso, ena anadzudzula olengeza, koma ambiri anapempha nyimbo. Ndiye kunali nthawi yochedwa Zimene Mwatifunsa, imene inakondedwa kwambiri. Wolengeza anali kuwerenga dzina la wopempha, malo amene akhala, ndi maina a abale amene afuna kuwapatsa moni, nayimba mbale imene wapemphayo.

Cinsinsi ca nthawi imeneyi sicinali m'nyimbo mokha. Masiku amenewo amuna ambiri anali kutali ndi kwao, ku migodi ya ku Copperbelt, ku Salisbury kapena ku Bulawayo, pakuti mau a ku Lusaka anali kufika ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia komwe. Mwamuna akamva dzina lace likuchulidwa, anali kudziwa kuti mwina ndi akumudzi omwe alimva. Wayalesi inasanduka mthenga, ndipo amene analemba kalata sanali kufuna kuphonya tsiku limene idzawerengedwa.

Anchito a wayalesi nawonso anazindikira kuti anthu amakonda kumva mau ao omwe. Cotero anali kuyenda ndi galimoto m'midzi ndi m'makomboni kukajambula nyimbo. Wochuka pa nchitoyi anali Bambo Alick Nkhata, amene anayamba wagwirapo nchito ndi Hugh Tracey, katswiri wosonkhanitsa nyimbo za mu Afrika. Iwo anali wolengeza ndiponso woyimba gitala, ndipo nyimbo zao zinali kunena za moyo wa m'tauni umene omvera anali kuudziwa bwino.

Koma cibwenzi cimeneci cinalowa m'mayeso. Pamene nkhani ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland inali kutentha, citaganya cimene cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953 anthu akuda ambiri akucikana, omvera anakumbukira kuti mwini wayalesi ndi Boma. Mbiri inawanda yakuti olengeza ena ndi banyama, ndiwo anthu amene amati amagwira anzao usiku ndi kuwakha mwazi. Amene dzulo anali kukondedwa cifukwa ca kuwerenga moni, lero anayenda ndi mantha pakati pa anansi ao. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wayalesiyo, analongosola zimenezi m'buku lace lochedwa Wayaleshi, la m'caka ca 1959. Pa zimene omvera anapempha, wayalesi inawamvera. Pa citaganya, inalankhula zimene iwo sanafunse, ndipo cikhulupiriro cinacepa.

M'caka ca 1958 nyumbayo inalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation, ndipo Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964 inakhala ya dziko latsopanolo. Mwambo wa makalata sunafe. Ndipo pamene Bambo Julius Chongo anayamba kusimba nthano zao za Poceza M'madzulo, mabanja anali kuzinga wayalesi monga momwe ana amazingira moto, kumvetsera munthu amene sanali kuwaona, koma amene anadziwa bwino lomwe kuti onse ali pomwepo.