Paini wa ku Dola Hill ndi pepala lomwe silinabwere

Amayi ogulitsa zitumbuwa pakona ina ku Kanini, mu mzinda wa Ndola, masiku ano akukulungira malonda awo m'masamba a makope akale a ana asukulu. Mafuta amalowerera mpaka pa masamu amene aphunzitsi anachonga ndi inki yofiira. Kale ntchito imeneyi inali ya nyuzipepala. Nanga lero alipo angati amene amagula nyuzipepala tsiku ndi tsiku?

Komatu Ndola ndi mzinda umene unakula ndi fungo la inki. Kuno n'kumene kunkatuluka Northern News, imene kampani ya Lonrho itaigula inasanduka Times of Zambia mu 1965. Ansembe a chipani cha Franciscan nawo anatsegula Mission Press, yosindikiza magazini ya Icengelo. Makina analipo, amisiri analiponso, koma mipukutu ya pepala losindikizira inkachokera kunja, yolipiridwa ndi ndalama za kopa.

Chodabwitsa n'chakuti mitengo inali pakhomo. Migodi inkadya matabwa ochirikizira ngalande zapansi mwakuti nkhalango zachilengedwe zinayamba kutha, choncho m'zaka za m'ma 1960 boma linayamba kudzala paini ndi bulugamu ku Ndola, Chati, Ichimpe ndi Lamba, mothandizidwa ndi ngongole ya World Bank. Mu 1982 minda imeneyi inapatsidwa kwa kampani ya ZAFFICO, imene likulu lake lili ku Dola Hill, ndipo mu 2020 inayamba kugulitsa masheya ake ku Lusaka. Mitengoyo yatipatsa matabwa a denga ndi mapolo a magetsi. Phala lopangira pepala, ayi.

Abale athu a ku Malawi nawo anaona zomwezo, mwina zowawa kuposa zathu. Anadzala mahekitala oposa 50,000 a paini ku Chikangawa, pamapiri a Viphya, podikira fakitale ya phala la pepala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Mitengo inakhwima, fakitale osaoneka.

Ena amati tinachita ulesi. Ine sindikuvomereza kwenikweni. Fakitale yotere imamwa madzi ndi magetsi ochuluka, ndipo dziko lopanda doko limalipira kawiri, potenga makina ndi potumiza katundu. Ngakhale ya Usutu ku Swaziland, imene inagaya paini kwa zaka pafupifupi 50, kampani ya Sappi inaitseka mu 2010.

Msika nawonso unatembenuka. Chibwerereni intaneti, pepala la nyuzipepala ndi la m'maofesi likugulidwa mochepa chaka ndi chaka ku Ulaya ndi ku America, pomwe makatoni otumizira katundu wogula pa foni ndi mapepala a kuchimbudzi akufunika kwambiri. Amene akudyerera ndi Brazil, kumene bulugamu amadulidwa atangotha zaka 7, pomwe paini wathu wa matabwa amadikira zoposa 20. Mu 2024 kampani ya Suzano inatsegula fakitale ku Ribas do Rio Pardo yotulutsa matani 2.55 miliyoni pachaka. China nayo inaletseratu kulowetsa zinyalala za mapepala kuyambira mu 2021.

Poti makatoni akufunika chonchi, kuno kwathu katoni yakale siikhalitsanso padzala. Madzulo kuseri kwa mashopu a m'tauni mupeza anyamata akuphwasula makatoni, kuwapondaponda kuti aphwatalale, n'kuwamanga ndi chingwe pawilibala, ulendo kwa ogula pa sikelo. Mvula ikangowapeza panjira, katunduyo amalemera, koma wogula amadula mtengo.