Chinjini cholira ngati mfiti

Mwezi wa Januwale ndidagona pa mlatho wina kumudzi, Land Rover yonyamula mayi wodwala itatitimira m'matope. Dalaivala, madala ena a imvi omwe adayendetsapo malole m'migodi ya ku Joni, adapukusa mutu nati: "Achimwene, ikadakhala Detroit bwenzi titatuluka kalekale." Mawu amenewa adandikhala m'mutu, ndipo ndidayamba kufufuza.

Injini zambiri za dizilo zimagwira ntchito m'masitepe anayi: kukoka mpweya, kuupanikiza, kuyatsa mafuta, kenaka kutulutsa utsi. Injini ya two-stroke imachita zonsezi pisitoni ikangokwera n'kutsika kamodzi. Poti ilibe nthawi yopuma, pamafunika chipangizo chopemerera, ngati mvukuto wa m'misiri wosula makasu, chokankhira mpweya m'silinda ndi kuthamangitsa utsi. N'chifukwa chake imalira ngati ikuthamanga kawiri kuposa m'mene ikuzungulira.

Kampani ya General Motors, motsogozedwa ndi katswiri Charles Kettering, idatulutsa injini zotere za Series 71 mu 1938 ku Detroit. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zidayendetsa mabwato otsitsa asilikali pagombe komanso akasinja a Sherman M4A2. Nkhondo itatha zidalowa m'mabasi ndi m'malole, ndipo madalaivala a ku America adazitcha "Screaming Jimmy" kaamba ka phokoso. Mu 1957 kudabwera zing'onozing'ono zake, Series 53. Nako ku Mangalande a Rootes adaika m'malole a Commer injini ya TS3 mu 1954: masilinda atatu, mapisitoni 6, awiriawiri kuyang'anizana m'silinda imodzi.

Nanga m'kagalimoto koyenda m'tchire? Zidayesedwa ndithu. Asilikali a America adali ndi Gama Goat, galimoto ya matayala 6 yomwe idayamba kupangidwa mu 1969, yokhala ndi Detroit 3-53 kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala. Kukwera mapiri inkakwera, m'dambo inkadutsa. Koma phokoso lake! Oyendetsa ankachita kutseka makutu kuopa kugontha. Ndipo musaiwale, Gama Goat inkalemera matani oposa atatu. Sinali kagalimoto ayi.

Apa ndiye pagona nkhani. Kainjini ka masilinda atatu kameneka kamalemera makilogalamu oposa 400. Kuika chimenecho kutsogolo kwa Land Rover ndiye kuti mphuno ilowa m'matope musanafike n'komwe pa mlatho. Chachiwiri, Detroit imafuna kuipondereza moto kuti ikoke. Mukaiyendetsa monyengerera imalefuka, imatsokomola utsi, oyilo n'kumachucha. Chonsecho m'thope ndi m'miyala mumafunika mphamvu ya pang'onopang'ono, ngati ya ng'ombe yapangolo. A Land Rover okha, pomwe ankatulutsa dizilo yawo yoyamba mu 1957, adasankha ya masitepe anayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chidaipha kwenikweni ndi utsi ndi kumwa mafuta. Malamulo oteteza mpweya atakhwima ku America, a Detroit Diesel adatulutsa Series 60 ya masitepe anayi mu 1987, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malole atsopano adali atasiyiratu two-stroke. TS3 idali itapita kale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Chrysler itatenga Rootes.

Komatu siidafe. Sitima zikuluzikulu za pa nyanja ya mchere, zomwe zimatula feteleza wathu ku Beira ndi ku Nacala, zambiri zimayendera two-stroke, yozungulira modekha ngati mtondo wa agogo. Idangopeza pokhala poyenera msinkhu wake.

Usiku uja, pomaliza, adatitulutsa ndi anyamata a m'mudzi, makasu ndi nthambi za mitengo m'manja, ndipo mayi uja adafika kuchipatala kukucha. Ndikadzakumananso ndi madala aja ndidzawauza mwaulemu kuti: Bambo, Detroit yanu idali ngwazi pa tala, koma pa mlatho uja vuto lidali msewu.