Kamera ziwiri, situdiyo imodzi: tiyambire kwa Chisuse

Anzanga, mkangano wa kamera yoti tigulire situdiyo yathu wafika potentha pa WhatsApp. Ena mukuti Canon 5D Mark IV, ena mukuti Sony A7 III basi. Tisanavote, tabwerani tione kumene ntchito imeneyi yachokera.

Kamera inabwera kuno ndi alendo. John Kirk, yemwe anali pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire kuyambira 1858, ndi mmodzi mwa oyamba kujambula dera lino. Minda ya tiyi itayamba kukula kuno ku Cholo, monga azungu ankalembera dzina la Thyolo, kamera inakhalabe m'manja mwa bwana. Satemwa, mwachitsanzo, inayamba mu 1923 ndi Maclean Kay. Mukaona zithunzi zakale za m'maesiteti, mupeza mizere ya tiyi, fakitale, ndi anthu othyola ali chapatali, dengu kumsana, opanda dzina. Ambiri mwa iwo anali agogo athu achilomwe ochokera ku Mozambique.

Koma panali Mungo Murray Chisuse, Mmalawi wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, amene anaphunziranso kujambula. Iyeyu ndiye anajambula John Chilembwe ndi banja lake, nkhondo ya 1915 isanachitike. Taonani zithunzizo: munthu watchena suti, wakhala mwaulemu, maso ali pa kamera. Ntchito ya situdiyo ndi imeneyotu, munthu amasankha yekha mmene akufuna kukumbukiridwa. Ndi zomwenso makolo athu ankafuna kwa wojambula wa pa njinga uja, wozungulira m'makomboni tsiku la malipiro. Filimu ankakatsukitsa ku tauni, inu n'kudikira sabata kapena ziwiri, mwina n'kubwera mutatsinzina.

Zaka zonsezo, kamera ya zithunzi ndi ya vidiyo zinali makina awiri osiyana. Pa makamera akuluakulu osintha malenzi zinadzakumana mu 2008, pamene Nikon D90 ndi Canon 5D Mark II zinayamba kujambula zonse ziwiri. Mu 2013 Sony inatulutsa A7, yopanda galasi lamkati lija. Mkangano wathuwu ndi mwana wa zaka zimenezo.

Tsono ziwirizi. Canon 5D Mark IV ndi ya 2016, ili ndi mamegapikiselo 30. Sony A7 III ndi ya 2018, ili ndi 24. Mu situdiyo, nyali zitayikidwa bwino, kasitomala sangasiyanitse chithunzi cha iyi ndi cha iyo, olo mutachikulitsa chopachika pakhoma. Zonse zimalowa makhadi awiri, ndiye zithunzi za ukwati wa eni sizingatayike chisawawa. Pa vidiyo Sony ikuposa, tisanamizane: 4K yake ndi yopepuka, ndipo imachepetsa kugwedera kwa dzanja. 4K ya Canon imadula m'mbali mwa chithunzi komanso imadzaza khadi msanga.

Funso ndi lakuti, vidiyo tizijambula kangati? Chotidyetsa tsiku ndi tsiku ndi zithunzi za ana asukulu, za mafomu, za mabanja ndi za akwaya. Chinkhoswe chofuna vidiyo chimabwera mwa apo ndi apo, ndipo chimakathera pa foni, pomwe 1080 ya Canon imakwana. Chinanso, malenzi a Canon a mtundu wa EF akhala akupangidwa kuyambira 1987, ndiye ogwiritsidwapo kale savuta kupeza, makamaka kudzera mwa abale athu a ku Joni. Ine voti yanga ndi Canon.

Iliyonse imene ipambane, musiye ndalama ya nyali ziwiri ndi bokosi lotseka bwino lokhala ndi silica gel. Chinyezi cha chiperoni chimene tiyi amachikonda chimameretsa nkhungu mkati mwa lenzi, ndipo ikazika mizu pa galasi sichokanso.