Maina a makolo ndi kaundula wa atsamunda mu Blantyre

Munthu wobadwira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa akafuna kulondola kumene kunachokera makolo ake, kawirikawiri amayambira pa dzina lomaliza lomwe lili pa chiphaso cha unzika, monga zija zinaperekedwa kalembera wa 2017 atachitika, koma dzinalo ndi mboni yachichepere, chifukwa m'mabanja ambiri a kummwera kuno silipyola mibadwo itatu kapena inayi.

Kale munthu sankatha moyo wake ndi dzina limodzi. Linalipo la paubwana, lomwe khanda linkapatsidwa likatuluka m'chikuta, ndipo linkasiyidwa mwana akavinidwa, pakuti wochokera ku chinamwali ankabwera ndi dzina latsopano, moti kumuitana lakalelo kunali chipongwe. Pamwamba pa awiriwa panali mfunda, womwe ena amati chiwongo, ndilo dzina la fuko monga Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, limene kwa mayi limamveka kuti Naphiri kapena Nambewe. Mfunda ndi wolemekezera ndi wozindikiritsa ubale wakutali, koma sulozera banja limodzi, popeza a Phiri a ku Chilomoni ndi a Phiri a ku Kasungu akhoza kukhala opanda kholo lomwe onse akulidziwa. Cholozera chenicheni pakati pa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe chinali mbumba, ndiko kuti alongo ndi ana awo pansi pa mwinimbumba, yemwe anawo amamutcha malume, ndipo pa ukwati wa chikamwini mwamuna ndiye ankakakhala kwawo kwa mkazi, ana nakhala a kuchikazi.

Kaundula wa azungu sanamve dongosolo limeneli. Mishoni ya Blantyre, yomwe inakhazikitsidwa mu 1876 m'dera la mfumu Kapeni, inkalemba obatizidwa ndi maina a chikhristu. Boma la atsamunda la Harry Johnston linayamba kukhometsa msonkho wa nyumba. Eni minda ya thangata, ndipo pambuyo pake olemba anthu a Wenela, ankafuna maina awiri pa munthu aliyense. Kalaliki akafunsa dzina la bambo, ankalemba lililonse lomwe bamboyo ankadziwika nalo nthawi imeneyo, kaya la kuchinamwali kaya lopatsidwa pantchito, ndipo ndimo maina ngati Sitima, Botomani ndi Tebulo anasandukira maina a mabanja. Alhomwe amene ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique kudzakhala ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, omwe zina mwa zidzukulu zawo zikukhala ku Bangwe lero, ena anabwera ndi maina achipwitikizi amene lilime la kuno linawasula, monga João kukhala Juwawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'kulemba konseku mayi, amene mtundu unkayendera mwa iye, ndiye anasowa pa pepala.

Vuto lofananako lilipo ku Québec, kumene mbadwa za Afalansa zili ndi maina otchedwa dit, kutanthauza "wotchedwanso": msilikali wa gulu la Carignan-Salières, lomwe linafika mu 1665, ankapatsidwa dzina lina monga Lafleur kapena Jolicoeur, ndipo zidzukulu zina zinasunga limenelo pomwe zina zinasunga loyamba. Mwayi wawo ndi woti ansembe ankalemba ubatizo, maukwati ndi maliro kuyambira mu 1621, natchula mayi ndi dzina la kwawo.

Wofufuza wa ku Machinjiri alibe mabuku akale chotero, ngakhale kuti a ubatizo a mipingo ndi mapepala a ku National Archives ku Zomba angamuthandize. Funso lomwe limamutsegulira njira si lakuti dzina la makolo ake linali ndani, koma lakuti agogo akuchikazi anali a mudzi uti, kwa mfumu yanji, ndipo nkhoswe ya ukwati wawo anali ndani, pakuti mayankho ake akali m'mitu ya azimayi achikulire amene amasonkhana pa maliro ndi pa ziliza.